Yankho la tabuleti ija, msuweni

Eee msuweni... alo, ikujambula kodi iyi? Chabwino. Ndaliona funso lako mugulumu, lija ukuti tabuleti yangotuluka kumene ija, yoyamba ya kampani imeneyo, ugule pompano kapena udikire yachiwiri. Ndinayamba kulemba koma zala zakana, ndangoweruka kumene, nde ndingolankhula basi, amene alibe bandulo adzamva mawa.

Iweyo sunafunse za tabuleti ayi, ine ndimakudziwa. Za tabuleti ukanamufunsa mng'ono wako uja amangokhalira kutsegula mafoni a anthu. Koma walemba mugulu la banja, nkuikapo dzina langa, nkuikaponso chithunzi cha mtengo wake mu ma rand. Ma rand msuweni? Ku Zomba mwayamba liti kugula zinthu ndi ma rand? Hahaha. Iwe ukufunsa ngati ndikubwera December, komanso ngati mchikwama muli malo, mwinanso ngati ndingayambe ndaika zanga iwe udzabweza mwezi ukatha. Mwezi wake uja uja wa firiji. Ayi sindikudandaula ine, ndangokumbutsa, azakhali akumva.

Koma dikira kaye. Ukuwakumbukira amalume ako, bambo aang'onowo... a ku Chilomoni, osati a ku Dedza, a ku Dedza sangawononge ndalama choncho olo utawaopseza. Nthawi imene anagulitsa malo aja, aja sitiwatchula muno. Chinali chaka cha 2011... ayi, 2012, chifukwa mizere ya mafuta ija inali itangotha kumene. Iwe unali ku sekondale, mwina zina sunazione. Matabuleti anali atangoyamba kumveka kumene, nde iwo ndalama zili mthumba anatsika ku Limbe nkukagula ina ya kampani inayake yomwe inali isanapangepo tabuleti chiyambire, dzina lake mpaka lero palibe amalitchula bwino mbanja muno. Yoyamba yeniyeni. Mwini shopu anawauza kuti mu Blantyre muno muli ziwiri zokha, ina ili ndi bwana wina wa ku banki. Basi mawu amenewo ndi amene anawamaliza.

Iii mmene ankayendera nayo! Sankaiika mchikwama ayi, ankaipanira mkhwapa, chikopa chake chakuda chija chikuonekera, kuti aliyense pa siteji aone. Kutchalitchi anthu akutsegula Baibulo iwo akusisita galasi ndi chala, nkumayang'ana uku ndi uku. Mayi aang'ono ankachita kukhala benchi ina.

Nde kunabwera chinkhoswe cha achemwali aja. Iwo monga ankhoswe anati chaka chino za makope ayi, mphatso zonse ndilemba mmenemu. Mnyamata wa kope anali atakhala kale pa tebulo ndi bolopeni yake, anamuchotsa. Perekaniperekani wayamba, anthu akuvina akubwera, uyu mbale, uyu ndowa, uyu zitenje, iwo akudina ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno, mzere wafika mpaka panja. Wa pa maiki akuti ankhoswe fulumirani, iwo akuti dikirani ikuganiza. Ikuganiza! Kenaka pakatikati penipeni, akuchimuna atangoyamba kumene kubwera, chinthu chija phii, chazima. Batire yatha. Chaja anaisiya kunyumba, komanso olo akanaitenga, muholo muja soketi inali imodzi, ya azimayimba... ya a DJ ndikutanthauza. Ataiyatsa madzulo mndandanda wonse kulibe. Mpaka lero nkhani ya mapoto awiri aja sinathe, mbali iyi akuti tinapereka ndife, mbali iyo akuti ndife, ndipo iwe ukudziwa amene sayankhulana chifukwa cha mapoto amenewo.

Sizinathere pompo. Chaja ija, inali ya kamwa lalikulu lophwatalala, yakeyake, yosafanana ndi ina iliyonse. Makoswe anadzaidya chingwe. Anazungulira msika wa Limbe wonse, anapita wa Blantyre, anyamata a machaja akukhuthula matumba awo pansi kuyesa imodziimodzi, aliyense akuti bwana iyi sitinaionepo, mwaitenga kuti. Mnyamata wina anawalumikizira mawaya ndi tepi wakuda, nde kuti itchaje inkafunika igone chopendekeka, pansi pa chingwe aikepo bokosi la machesi, munthu asadutse pafupi. Ana ankachita kumenyedwa akagunda tebulo limenelo. Kenaka aliyense wayamba WhatsApp, iwo akuti ndiikireni, ikukana, akuti pulogalamu yake ndiyakale. Apudeti kulibe, kampani ija inali itasiya kale, yachiwiri sinatulukenso nkomwe. Galasi linadzasweka mdzukulu atakhalira, kulisaka galasilo Malawi yense kulibe, anandiimbira ine kuno kuti ndisake, kuno nakonso kulibe. Panopa ili mu kabati ya pabalaza ija, pamodzi ndi mbale za alendo. Ukapita ukaione, ili kuseri kwa flasiki. Ndipo ukawafunsa amakuuza kuti yangayi ndi orijino, zanuzi ndi zoseweretsa ana. Bambo aang'ono ngati mukumva, pepani, koma munatisangalatsa.

Mmm, ndimati chiyani... eya. Mwina ukuti aaa imeneyo inali kampani yosadziwika. Olo zikuluzikulu zomwe msuweni. iPad yoyamba ija, imene Steve Jobs, bwana wa Apple nthawi imeneyo, anaionetsa mu January 2010 nkuyamba kugulitsidwa mu April, yotchipa yake inali madola 499, koma inalibe kamera olo imodzi, kutsogolo kulibe kumbuyo kulibe. Chaka chisanathe nkomwe, March 2011, yachiwiri yatuluka, makamera awiri, yopyapyala, yopepuka, yothamanga, mtengo womwewo wa 499. Amene anathamangira yoyamba anangoti kakasi. Ndipo yoyambayo maapudeti a iOS, pulogalamu imene imaiyendetsa ija, anathera pa iOS 5, mu 2012 basi aisiya, pamene yachiwiri ija anapitiriza kuipatsa mpaka iOS 9. Kusiyana chaka chimodzi chokha pogula, koma inayo yakhala zaka zambiri ikugwirabe ntchito. Imeneyo nde Apple, amene zinawayendera.

Nanga amene sizinawayendere? HP, omwe aja a maprinta ndi malaputopu, anatulutsa yawo mu July 2011, TouchPad. Mu August chaka chomwecho, miyezi iwiri isanakwane, anati basi tasiya, zotsala anazigulitsa pa madola 99. Taganiza munthu amene anaigula sabata yoyamba pa mtengo wonse. BlackBerry nayo, nthawi ija aliyense akupempha pini ya BBM, anatulutsa PlayBook mu 2011 yopanda ndi pulogalamu yakeyake ya imelo yomwe, umachita kuilumikiza ku foni ya BlackBerry kuti uwerenge makalata. Kampani yotchuka ndi imelo! Olo Samsung, foni yopinda yoyamba ija mu 2019, atolankhani atangopatsidwa kuti ayese magalasi anayamba kuwonongeka masiku ochepa, mpaka anaimitsa kaye, mmalo mwa April inadzatuluka September. Chinthu choyamba chimakhala kuti akuphunzirira, ndipo amaphunzirira pa ndalama za amene wagula. Azungu amene amathamangira zimenezi ali ndi pobwezera, ikavuta amangolowa mshopu nkupatsidwa ina. Iwe ukaiwolotsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka pa Mwanza, walanti yake yatsala kuno ku Joni. Ikafa mu February uzidikira munthu wobwera kuno, ndipo munthu wake ukumudziwa, ndine ndemwe.

Koma tsono, apa mvetsera, chifukwa ndikudziwa uziti msuweni wati ndidikire, nkusunga ndalamazo mu akaunti mpaka chaka chamawa. Ayi. Zoti dikira mtengo utsika ndi za anthu a madola. Kwathuko chimatsika ndi kwacha. May 2022 inagwa ndi 25 peresenti, November 2023 inagwanso ndi 44, dola kuchoka cha mma 1,180 kufika 1,700 usiku umodzi, osanena za mtengo wa pamsewu. Ndalama imene ikugula tabuleti lero ukaisunga chaka mwina idzagula kava yokha ndi kagalasi koteteza. Komanso iwe ndalama ikakhala mmanja mwako, pakagwa maliro awiri ndi ukwati umodzi yatha, sindikunama, tonse ndife amodzi.

Nde chimene ndikunena ine ndi ichi: yatsopanoyo isiye, komanso usadikire yachiwiri yake. Gula ina yomwe yakhala kale pamsika chaka chimodzi kapena ziwiri, ya kampani imene yapanga matabuleti kambirimbiri, imene mavuto ake anthu anawaona kale nkuwalemba pa intaneti. Imene ukapita nayo kwa anyamata okonza mafoni pamsika wa Zomba saidabwa, amangoti galasi lake lilipo bwerani mawa. Ndi yotchipanso, chifukwa shopu zimafuna kuchotsa zakale.

Iweyo ukuifunira chiyani kodi? Si sukulu yako ya kumapeto kwa sabata ija? Manotsi, ma PDF, kalasi ya pa Zoom, ndi ana kuonera makatuni ukatembenuka, usakane. Zimenezo sizifuna chinthu chimene changotuluka dzulo. Chimene uyang'ane nchoti ikhale yolowa simu kadi, chifukwa zambiri zotchipa kuno ndi za WiFi yokha, nde kunyumba kwako WiFi uitenga kuti, uzingokhalira hotspot foni nkumatentha. Chaja ikhale ya USB-C, yomwe ija ya mafoni a masiku ano, yoti ikatayika ubwereka kwa aneba. RAM, ija imathandiza kuti isamachedwe, isachepere 4 GB, malo osungira zinthu olo 64 GB koma 128 ndi bwino, ndipo batire ikhale yaikulu, magetsi akwathu ukuwadziwa. Ndipo tione kuti kampaniyo yalonjeza maapudeti mpaka liti, zimalembedwa zimenezo, ndikuonera ine. Ngati mtima uli pa iPad, chabwino, koma dziwa kuti WhatsApp yakeyake ya pa iPad yangobwera mu 2025, zaka zonsezi anthu amadutsira pa browser, komanso galasi lake likasweka ulira. Ine kwa iwe ndikanati ya Android basi.

Ndibwerezenso poti umamva mbali imene waikonda yokha. Ya pachithunzi chako ija ayi, olo ikhale yokongola bwanji, asiye ena ayambe aiyesa. Kudikira chaka ndi makwacha mmanja, ayinso. Yachaka chatha, yodziwika, chaka chomwe chino.

Kuno kumapeto kwa November kumakhala Black Friday, zinthu ngati zimenezi zimatsikako ndithu, nde ndikhoza kukuyang'anira nthawi imeneyo. Eya, ndikubwera December, wamva tsopano chimene umafuna kumva, hahaha, basi ndinagula kale tikiti. Malo mchikwama alipo, tabuleti si firiji... ayi ayi, ndasiya, ndasiya. Koma ndalama zitsogole msuweni, zonse, osati theka, ndipo uikepo kenakake ka pa boda chifukwa a MRA akaiona ili mu bokosi lake sangoiyang'ana ayi. Uwapatse alamu ako anditumizira mmene timachitira muja, usatumize kwa mnyamata wa basi uja.

Nde tamvana eti, yoyambayo tisiye, tigule yoti anthu anaigwiritsa kale ntchito, November yomweyi. Unditumizire kumbali kuti uli ndi zingati zenizeni, osati muno, muno anthu angayambe kukubwereka. Ndipo azakhali, poti ndikudziwa mwamvetsera mpaka kumapeto, nsapato zija munati saizi 6 kapena 7? Chifukwa ulendo watha munati zikuthina.