Za Laura Kipnis ndi kutsekana pakamwa pa yunivesite

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti omenyera ufulu wa amayi ndi amene akutseka anthu pakamwa m'mayunivesite a kunja, poti mwana wanu wamkazi amene akuphunzira ku America wakuuzani kuti m'kalasi mwawo anthu amaopa kulankhula zakukhosi nkhani ikakhudza amuna ndi akazi. Ine ndine mmodzi wa omenyera ufulu wa amayiwo, ndiye ndikuyankhani ndi nkhani imene imandisowetsa mtendere mpaka lero.

Mu 2014 yunivesite ya Northwestern, ku America komweko, inaletsa aphunzitsi kukhala pachibwenzi ndi ophunzira a digiri yoyamba. Mu Febuluwale 2015, mayi wina wophunzitsa za mafilimu pomwepo, Laura Kipnis, amene nayenso amati ndi womenyera ufulu wa amayi, analemba nkhani yodzudzula malamulo otere mu Chronicle of Higher Education, nyuzipepala ya nkhani za mayunivesite. Mfundo yake inali yoti ophunzira ndi anthu akuluakulu, ndipo kuwatenga ngati makanda osatha kudzisankhira n'kuwapeputsa. Ophunzira ena zinawapsetsa mtima, anachita zionetsero atasenza matiresi ndi mapilo, chizindikiro chodana ndi nkhanza zogwiririra ophunzira. Mpaka pamenepa ine sindiona vuto, munthu analankhula, anzake anamuyankha poyera. Zinasokonekera pamene ophunzira awiri anakamusumira pogwiritsa ntchito Title IX, lamulo la 1972 loletsa kusala munthu chifukwa ndi wamkazi kapena wamwamuna m'sukulu zolandira ndalama za boma. Iwo ankati potchula m'nkhani yakeyo mlandu wina wa pasukulupo, wa wophunzira amene anadandaula za mphunzitsi, Kipnis ankabwezera wodandaula. Sukulu inaitana maloya kuti amufufuze, iye osaloledwa kubwera ndi loya wake. Chakumapeto kwa Meyi anamupeza wosalakwa.

Ndinene mosapsatira, zimene Kipnis analemba sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono. Ndili pa koleji ndinkagona chipinda chimodzi ndi mtsikana wina amene mphunzitsi ankamuitanira ku ofesi madzulo, ena onse ataweruka. Akabwerako ankangogona choyang'ana kukhoma, nsapato osavula, nsima yomwe ndamutengera ikuzizira patebulo. Atakana, phunziro la bamboyo analipeza ndi sapu, kutanthauza mayeso obwereza, ndipo chaka chonse anakhala ndi mantha oti awidedwa, achotsedwa sukulu. Munthu amene wagwira cholembera chokupatsa magiredi sangakufunsire ngati mnyamata wa m'kalasi, chifukwa "ayi" wako uli ndi mtengo. Kipnis sanalione bwino limeneli, ndipo ndikanakhala pa Northwestern matiresi ndikanasenza nawo.

Koma kukamusumira sindikanapita. Mnzanga uja chimene chinamupweteka kwambiri chinali kusowa pokanena. Aliyense amene anamufotokozera ankangoti khala chete, uipitsa dzina la sukulu, uwonongera munthu banja. Amayi takhala tikutsekedwa pakamwa kwa zaka zambirimbiri ndi mawu omwewa akuti zolankhula zako zikuvulaza anthu. Ndiye tikamapempha akuluakulu a sukulu kuti azifufuza munthu chifukwa cha nkhani imene walemba, tikuwapatsa mpeni umene mawa adzatichekere ife tomwe. Ofesi imene yazolowera kuyesa mawu a mphunzitsi siidzachedwa kuyesa mawu a mtsikana amene waulula zimene zikuchitika madzulo kuseri kwa chitseko.

Kwathu kuno sitifunika kuuzidwa. Mu 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito ataitanitsa Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa ku Chancellor College, kuti akafotokoze chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi zipolowe za ku Egypt ndi Tunisia, amene anatsogolera aphunzitsi kukana zimenezo anali mayi, Jessie Kabwila, womenyera ufulu wa amayi wodziwika bwino. Anachotsedwa ntchito, nkhondo inatenga miyezi, koma sanagonje mpaka anabwezeretsedwa. Iye sanaone kuti ufulu wa amayi ndi ufulu wolankhula m'kalasi ndi adani.

Chimene ndimasiyanitsa ine ndi ichi: mphunzitsi amene akuvutitsa wophunzira, kumuopseza kapena kumunyoza pomutchula dzina, ameneyo afufuzidwe ndithu ndipo alangidwe. Koma amene wanena maganizo onyansa m'makutu mwathu pa nkhani ya malamulo, timuyankhe, timulembere, timuitane pa mtsutso holo itadzaza.

Mwana wanuyo mufunseni kuti akuopa ndani kwenikweni. Ngati ndi anzake amene angamuyang'ane ndi diso loipa, mulimbikitseni akweze dzanja, afunse funso lakelo mwaulemu, ndipo akamuyankha amvetsere mpaka kumapeto. Ngati ndi ofesi ya sukulu, apeze malamulo ake olembedwa awerenge, chifukwa mayunivesite ambiri kumeneko ali ndi ndime yoteteza zokambirana za m'kalasi, ndipo ndi bwino aidziwe asanaitanidwe ndi wina aliyense.