Achimwene, makosi amenewo si kutaya fizi

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso lanu lija pagulupu, loti mwana wanu amene ali kukoleji kuno ku America akuti akufuna udokotala koma papepala la fizi mukuona psychology, sociology ndi kalasi yolemba Chingerezi, ndiye mukuopa kuti ndalama zikupita pachabe. Ayi, mtima m'malo. Ine ndakondwa kuti wayamba nazo msanga.

Kuno ku America sizili ngati kwathu, koti ukakhoza bwino MSCE umatha kusankhidwa n'kulunjika ku KUHeS. Kuno amayamba wamaliza digiri ya zaka 4, kenako n'kufunsira malo kusukulu ya udokotala, ndipo sukulu iliyonse ili ndi makosi ake amene imafuna. Biology, chemistry, physics, amenewo palibe mwana amawaiwala. Amene amagwetsa anthu ndi enawa. Sukulu zambiri zimafuna masemesita awiri a Chingerezi kapena makosi olemba kwambiri, zina zimafunanso statistics. Credit ya Chingerezi ya pa MSCE ija sawerengera, ayenera kuchiphunzira konkuno kukoleji.

Ndiye pali MCAT, mayeso olowera. Kuyambira 2015 ali ndi zigawo 4. Chimodzi chadzaza psychology ndi sociology. China amachitcha CARS, mmenemo sayansi mulibiretu, amangokupatsa ndime ya mbiri yakale kapena filosofi kuti uwerenge mwachangu n'kunena chimene wolembayo akutanthauza. Chigawo chilichonse malikisi ake amayambira 118 kulekeza 132, onse pamodzi sapitirira 528. Mwaona? Pafupifupi theka la malikisi lagona pa zomwe mukuti n'zapambalizo.

Komanso achimwene, ine ndimaziona muwodi. Wodwala shuga akubwera kachitatu, shuga ali m'mwamba, mankhwala anapatsidwa oyenera. Ukakhala naye pansi, n'kumufunsa mofatsa, m'pamene amaulula kuti insulin akubaya theka kuti botolo lifike kumapeto kwa mwezi. Chimenecho chemistry sangakuuze. Ndipo ukamva, uyenera kuchilemba mufayilo momveka, kuti mnzako wa usiku asachiphonye.

Chimene ndikupempha n'choti mumuuze asawatenge mopepuka. Sukulu zambiri sizilandira giredi yochepera C pa makosi amenewa, ndipo AMCAS, kumene amatumizira mafomu, imawerengera giredi iliyonse, ngakhale ya kosi imene anabwereza. Asasankhenso ija yongolemba kuti wakhoza kapena walephera, atenge ya giredi. Atsegule MSAR, mndandanda wa AAMC, bungwe la sukulu za udokotala kuno, aone sukulu imodziimodzi zimene ikufuna. Pomwepo aonenso ngati imalandira ophunzira ochokera kunja, chifukwa zambiri sizilandira, ndipo nkhani imeneyi ndi yaikulu kwa iyeyo. Ku koleji kwakeko kuli mlangizi wa ofuna maphunziro a zaumoyo, apite semesita inoyi, asadikire chaka chomaliza. Mafomu amatsegulidwa mu Meyi, chaka chathunthu asanalowe.

Akasintha maganizo makosiwa satayika. A unesi amafuna psychology ya kakulidwe ka munthu ndi statistics, a pharmacy ena amafuna economics ndi kalasi yolankhula pagulu.

Mumuuze andiimbire Loweruka masana, ali ndi pepala la magiredi ake m'manja, tidutsemo limodzi. Mupereke moni kwa alamu.