Bambo akunyumba akufuna mitala: Chisilamu ndi malamulo a dziko akuti chiyani?

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mwati munamanga ndowa (ukwati wa Chisilamu) ku mzikiti zaka 11 zapitazo, muli ndi ana atatu, ndipo golosale imene ikudyetsa banja munaiyamba awiri, inu mutathirapo ndalama za usipa umene munkagulitsa. Tsopano bambo akuuzani kuti akutenga mkazi wachiwiri, ati Chisilamu chimalola ndipo inu mulibe chonena. Mukufunsa ngati zili zoona, komanso ngati mungawaletse.

Sindikubisirani: Chisilamu chimalola mitala. Mu Qur'an, Surah An-Nisa ndime 3, mwamuna waloledwa kukwatira akazi awiri, atatu kapena anayi, osapitirira apo. Koma ndime yomweyo sithera pamenepo. Imapitiriza kuti ngati mwamunayo akuopa kuti sachita chilungamo pakati pawo, akwatire mmodzi basi. Amuna ambiri amaloweza theka loyambalo, lachiwirili n'kulidumpha. Ndipo pa ndime 129 ya surah yomweyo pali chenjezo lakuti simungathe kulinganiza akazi ngakhale mutayesetsa, choncho musapendekere mbali imodzi n'kumusiya winayo ali lende, wosadziwika ngati ali pabanja kapena ayi.

Ndime 3 ija inabwera pambuyo pa nkhondo ya Uhud ya m'chaka cha 625, pamene Asilamu ambiri anafa n'kusiya amasiye, ndipo imayamba ndi nkhani ya ana amasiye. Inadzaika malire pamene panalibe malire: Ghaylan wa fuko la Thaqif atalowa Chisilamu ali ndi akazi khumi, Mtumiki Muhammad (mtendere ukhale pa iye) anamuuza kuti atsale ndi anayi.

Chilungamo chimene akunenacho si cha pakamwa ayi, n'chowerengeka. Mkazi aliyense alandire mahari ake, mphatso imene mwamuna amapereka kwa mkazi pomanga ndowa. Aliyense akhale ndi pokhala pake, osati kukubweretserani mnzanu m'chipinda cha ana anu popanda inu kuvomera. Chakudya, zovala ndi mankhwala zisachepe kwanu chifukwa kwabwera wina. Masiku ogona agawidwe mofanana. Thumba la chimanga limene linkafika kwanu mwezi ndi mwezi likayamba kukhotera kwina, inu n'kumagona ndi njala, bamboyo waphwanya chipembedzo chomwe akuchitchulacho.

Nanga chilolezo chanu? Apa mtima wanu uwawa, koma ndi bwino mumve zoona. Mashehe ambiri amati ndowa yachiwiri imamangika ngakhale mkazi woyamba asanavomere. Sukulu ya Hanbali, imodzi mwa njira zomasulira malamulo a Chisilamu, imalola mkazi kuika m'pangano la ndowa kuti mwamuna asadzakwatirenso, ndipo akaswa panganolo mkazi akhoza kuthetsa banja. Koma Asilamu ambiri kuno kwathu amatsata sukulu ya Shafi'i, imene siimanga mwamuna ndi pangano lotero. Maiko ena a Chisilamu anaikapo dzanja la boma. Tunisia inaletseratu mitala mu 1956, ndipo ku Morocco kuyambira 2004 mwamuna amayenera kukapempha kwa woweruza, mkazi woyamba ataitanidwa. Kuno zimenezo kulibe. Mu 2010 boma linafuna kuletsa mitala yonse, Asilamu ndi ena anakana, ndipo lamulo la maukwati limene linatuluka mu 2015 linailetsa pa mtundu umodzi wokha wa ukwati.

Mpake tsono ndikufunseni funso limene nkhani yanu yonse yagonapo: kupatula ndowa ya ku mzikiti, kodi munapitanso kwa DC kukamanga ukwati wa boma n'kusainirana setifiketi? Pitani mukaitulutse m'sutikesi muione bwino kuti inachokera kuti. Lamulo la 2015 lija, lotchedwa Marriage, Divorce and Family Relations Act, limazindikira ukwati wa boma, wa chikhalidwe, wa chipembedzo, ndi wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali ngati banja, ndipo onsewa ndi maukwati enieni pamaso pa khoti. Koma wa boma ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi. Ngati wanu ndi umenewo, bambo akakwatira wina inu mulipo apalamula mlandu umene chilango chake chimafika zaka 5 kundende, ndipo kunena kuti ndine Msilamu sikungawapulumutse. Ngati munamanga ndowa yokha, mitalayo si mlandu, ndipo khoti silingawaletse kukwatira.

Kusawaletsa sikutanthauza kuti mulibe chonena. Pamenepo bambo alakwitsa kwambiri.

Chisamaliro chanu ndi cha ana ndi udindo wawo mwa lamulo. Akasiya kupereka, simukuyenera kudikira kuti banja lithe kaye. Mukhoza kukadandaula ku khoti la majisitireti banja lilipobe, khoti n'kulamula ndalama zoti azipereka. Ana akutetezedwanso ndi lamulo la ana la 2010, ndipo kumana munthu zofunika pa moyo mwadala kumawerengedwa ngati nkhanza m'lamulo la nkhanza za m'banja la 2006.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi golosaleyo. Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko limati banja likatha mkazi apatsidwe gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri. Khoti limayang'ana zimene aliyense anathirapo, ndipo ntchito ya pakhomo ndi kulera ana zimawerengedwa. Koma khoti limayendera umboni. Yambani lero kusonkhanitsa malisiti a katundu wooda, kope la ngongole lolembedwa ndi dzanja lanu, mauthenga a pa foni osonyeza ndalama zimene munatumiza, ndi mayina a anthu amene anakuonani mukuyamba bizinesiyo. Ngati pali puloti kapena nyumba imene munagula limodzi koma mapepala ali m'dzina la bambo okha, pemphani kuti dzina lanu lilowemo panopa, mnzanuyo asanafike.

Ganiziraninso za mawa, pakuti imfa siuza. Pa Chisilamu, mwamuna akamwalira atasiya ana, akazi onse amagawana gawo limodzi mwa magawo 8 a chuma chake. Mukakhala awiri, aliyense amatenga theka la gawolo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lili ndi kagawidwe kake pamene munthu sanasiye wilo, ndipo limaganizira dera limene mkazi aliyense amakhala ndi zimene anathirapo pa chumacho. Mbali zonse ziwiri, chimene chili chanuchanu sichilowa m'chuma cha masiye, bola chidziwike kuti n'chanu.

Mukaona kuti mitala simungaipirire, palibe angakukakamizeni. Chisilamu chili ndi khul'a, pamene mkazi amapempha kumasulidwa, nthawi zambiri pobweza mahari, ndipo shehe akhozanso kuthetsa ndowa ngati mwamuna sakusamala mkazi. Ku khoti mumasonyeza kuti banja lasokonekera moti silingakonzekenso. Musangolandira talaka ya pakamwa, mawu a mwamuna othetsa banja, n'kunyamula katundu. Nkhani ya ana ndi chuma imafuna chigamulo cha khoti cholembedwa.

Sabata ino itanani ankhoswe a mbali zonse ndi shehe amene anamanga ndowa yanu. Bambo anene pamaso pawo kumene mkazi winayo akakhale, ndalama za pakhomo panu, masiku, ndi za golosale, zonse zilembedwe, onse asaine, inu musunge pepala lanu. Akakana kukhala pansi, tengani setifiketi ndi malisiti aja mupite ku Legal Aid Bureau, kumene amathandiza anthu amene sangathe kulipira loya.