Mwana wokonda mbalame za m'mbali mwa madzi

Mayi wina wa ku Likuni wandilembera kuti mwana wake wa Folomu 3 amathera Loweruka ku damu la Kamuzu ku Malingunde akuyang'ana mbalame, ndipo akufunsa ngati zimenezi zingadzamupatse ntchito kapena akungotaya nthawi.

Mayi, musamuletse. Cha m'Seputembala, kuno kukamatentha, kumpoto kwa Ulaya ndi Asia kumayamba kuzizira, ndipo mbalame zomwe zimaswera kumeneko zimathawa chisanu n'kudzatera m'madambo ndi m'mphepete mwa madamu athu, komwe zambiri zimakhala mpaka cha m'Epulo. Vuto ndi lakuti zimafika nthenga zitasuluka, pafupifupi zonse zotuwa kumsana ndi zoyera kumimba, motero wozidziwa amayang'ana mlomo, miyendo ndi kayendedwe. Mwachitsanzo, mbalame yotchedwa Common Sandpiper m'Chingerezi imagwedeza mchira kosalekeza, ndipo kuyera kwa kumimba kumakwera mpaka paphewa. Wood Sandpiper ili ndi mawanga kumsana, mzere woyera pamwamba pa diso ndi miyendo yonkera kuchikasu, pamene Greenshank ndi yaikulupo, ya mlomo wopindikira m'mwamba pang'ono. Little Stint ndi kakang'ono ngati mpheta, kamajompha matope mofulumira. Mwana wotha kusiyanitsa zimenezi waphunzira kuyang'anitsitsa, luso lomwe ena amakalipeza ali kale ku koleji.

Kuti chidwichi chisanduke maphunziro, mumugulire kope lolembamo tsiku, malo ndi chiwerengero cha mbalame zomwe waona, ngakhale asanapeze magalasi oonera patali. Pa MSCE alimbikire Biology, Geography, Masamu ndi Chingerezi, chifukwa maphunziro a zachilengedwe ku LUANAR kapena ku Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza amatsamira pamenepo. Afunsenso ku bungwe loteteza nyama zakutchire ndi chilengedwe la WESM za kuyenda ndi anthu odziwa mbalame, makamaka mu Januwale, mwezi womwe maiko ambiri amawerenga mbalame za m'madzi.

Sindikubisirani, ntchito zake si zambiri. Zilipo ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ku African Parks yomwe imayang'anira Liwonde, Majete ndi Nkhotakota, komanso pa ntchito yoperekeza alendo, pomwe wodziwa mbalame amaposa anzake odziwa njovu ndi mvuu zokha. Koma mumuuze kuti aziona ali kumtunda, asamalowe m'madzi odikha, chifukwa likodzo limakhala momwemo.