Funsani Tikuyankheni: Satifiketi ya kompyuta ndili nayo, koma m'galaja sikundithandiza

Funso: Akonzi, ine ndine mphunzitsi wa umakaniki pa sukulu ina ya ntchito zamanja m'boma la Angónia, ndipo ndagwira ntchitoyi zaka zoposa 15. Chaka chatha anatitumiza mumzinda wa Tete kukachita maphunziro a kompyuta a masiku asanu, kumene tinaphunzira Word ndi PowerPoint, koma chibwerereni sindinagwiritsepo ntchito nzeruzo, chifukwa makompyuta ochepa amene tili nawo amangokhala otsekeredwa mu ofesi, komanso magetsi amathimathima. Ophunzira anga amandiposa pa foni. Kodi munthu wa msinkhu wanga ayambire pati?
Mphunzitsi wodandaula, Ulónguè

Yankho: Bambo aphunzitsi, msinkhu wanu musauimbe mlandu. Vuto ndi lakuti anakuphunzitsani kompyuta ya mlembi wa mu ofesi, pamene inu ntchito yanu ndi ya injini. Bungwe la UNESCO, mu ndondomeko yake ya 2018 yonena za luso la aphunzitsi pa zipangizo zamakono, linaika masitepe atatu: kudziwa chipangizo, kuchigwiritsa ntchito mozama pophunzitsa, ndi kupanga nacho zinthu zatsopano. Maphunziro a masiku asanu amathera pa sitepe yoyamba, ndipo zimene munthu sakuzigwira tsiku ndi tsiku zimauluka m'mutu msanga.

Ife tikuti yambirani pa galimoto. Magalimoto ambiri amene akuyenda pa msewu wochokera ku Zóbuè kudzera ku Moatize ali ndi kompyuta yawoyawo imene imayendetsa injini, ndipo pansi pa chiwongolero pali soketi ya mabowo 16 yotchedwa OBD-II. Dziko la America linalamula kuti magalimoto ogulitsidwa kumeneko akhale nayo kuyambira 1996, ndipo mayiko a ku Ulaya anatsatira pambuyo pake. Mukalowetsa pamenepo kachipangizo kotchipa ka mtundu wa ELM327, n'kukalumikiza ku foni kudzera pa Bluetooth, pulogalamu ngati Torque imakuonetsani nambala ya vuto. Mwachitsanzo, P0301 ikutanthauza kuti silinda yoyamba ikuphonya moto. Koma nambalayo sinena ngati cholakwa ndi pulagi, koilo kapena njira ya mafuta, ndipo apa m'pamene zaka zanu 15 zimaposera zala zachangu za wophunzira. Mlekeni mnyamatayo agwire foni, inu mutanthauzire zimene foniyo yanena. Palibe ulemu umene ukutayika pamenepo. Tikuchenjezeni chabe kuti magalimoto ena akale ochokera ku Japan salankhulana bwino ndi tizipangizo totchipati, choncho kayeseni kaye pa galimoto ya pasukulu musanaitane kalasi.

Za magetsi, n'zopweteka kuti chigawo cha Tete, chimene chili ndi damu lopanga magetsi la Cahora Bassa, chizidandaulabe za mdima, koma foni yotchajidwa ndi sola imagwira ntchito tsiku lonse. Jambulani kanema wa mphindi zitatu mukusintha mabuleki, mukufotokoza m'Chichewa ndi kutchula mayina a zitsulo m'Chipwitikizi monga mmene alili m'mabuku, kenako mugawireni ophunzira pa Bluetooth kapena pa memore khadi kuti asawononge mamega. Mukapeza netiweki yabwino, koperani makanema a amakaniki a ku Brazil pa YouTube, popeza chinenero chake mumachimva, ngakhale muyenera kukumbukira kuti magalimoto ambiri kumeneko amayenderanso mafuta opangidwa kuchokera ku nzimbe.

Zimene munaphunzira ku Tete zija sizinapite pachabe. Chiyambire lamulo la dziko la Mozambique nambala 23/2014, limene linakhazikitsa bungwe la ANEP loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, wophunzira amayesedwa poonetsa kuti ntchitoyo akuitha ndi manja ake, ndipo mphunzitsi amafunika kusunga umboni wake. Zithunzi zokhala ndi madeti ndi ndandanda ya mayina yolembedwa mu Word munaphunzira ija, mu Excel, kapena mu pulogalamu ya LibreOffice imene ndi yaulere, zimachepetsa mapepala amene amasowa nthawi ya mayeso. Pa ndandanda yomweyo mungaphunzitsenso achinyamata kulembera kasitomala mtengo wa zitsulo ndi wa ntchito m'mameticais, chinthu chimene amakaniki ambiri aluso chimawagwetsa.

Nkhani ya makompyuta otsekeredwa ikufuna kukambirana ndi akulu a sukulu, amene nthawi zambiri amaopa kuti katundu akawonongeka odzafunsidwa adzakhala iwowo. Musapite nokha. Gwirizanani ndi anzanu ophunzitsa zamagetsi, ukalipentala ndi ulimi, mupemphe kiyi masana a tsiku limodzi pa sabata, mulonjeze kulemba m'kaundula aliyense wolowa, ndipo tsiku lokapemphalo munyamule foni muwaonetse kanema wanu woyamba uja.