Magetsi anathima BIOS ili mkati molowa: kodi kompyuta yafa?

Wowerenga wina, amene amajambula mapulani a nyumba pa kompyuta ya bokosi ya Dell Precision, watilembera pa imelo. Akuti ankaika BIOS yatsopano, magetsi n'kuthima ntchito isanathe. Tsopano akadina batani mafani amazungulira, kagetsi ka pabatanipo kamaphethira, koma sikirini ili bii. Akufunsa ngati kompyutayo yafa, komanso ngati mapulani ake apita nayo limodzi.

Bambo, za mapulani zokhazo mtima ukhale m'malo. BIOS, kapulogalamu kamene kamadzutsa kompyuta Windows isanayambe, sikhala pa disiki. Imakhala m'kachipu kakang'ono, kawirikawiri ka miyendo 8, kamene kanamatidwa pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta), ndipo mafayilo anu sanakhudzidwe n'komwe. Wina akakuuzani kuti "tiifomate tiikemo Windows ina", mukaneni. Windows sinalakwe. Kompyuta ikulephera kufika pamene ingayambe kuifunafuna.

Pulogalamu yoika BIOS imafufuta yakale chigawo ndi chigawo, n'kumalembamo yatsopano. Magetsi akathima pakati, m'kachipumo mumatsala zosakwanira, theka zakale theka zatsopano. Mwayi wake ngwakuti makompyuta ambiri a masiku ano ali ndi kachigawo kena kamene ntchito yake n'kufufuza fayilo yodzipulumutsira. Chiyembekezo chathu chili pa kachigawo kameneka.

Yambani ndi zosalira ndalama. Iyatseni, muisiye mphindi 10 osaigwira, chifukwa makina ena amayamba ayeza RAM (memore yogwirira ntchito) kwa nthawi sikirini ili yakuda. Zikakanika zulani waya wa magetsi, mudine batani kwa masekondi 30 kuti moto wotsalira uthe. Chotsani printa, madisiki akunja ndi zonse za USB, mutsale ndi kiyibodi ya waya ndi sikirini basi. Mukatsegula bokosi muona kabatire kooneka ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, ka 3V. Katulutseni kwa mphindi 5, mukabwezere. Musayembekezere zambiri apa: kuchotsa kabatireka kumangofufuta zimene munasankha mu BIOS, sikulembanso BIOS yoonongeka.

Kenako yang'anitsitsani kagetsi kaja. Pa makina ambiri a Dell a zaka zaposachedwa kamaphethira kachikasu kangapo, kenako koyera kangapo, n'kupuma, n'kuyambiranso. Werengani. Kachikasu kawiri ndi koyera katatu ndiye kuti RAM sikuoneka, ndipo mwina kuizula n'kuikhazikanso kukwanira. Katatu ndi katatu, makina akufuna fayilo yodzipulumutsira koma sanaipeze. Katatu ndi kanayi, aipeza koma ndi yolakwika. Zizindikiro ziwiri zomalizazi n'zolimbikitsa, chifukwa zikusonyeza kuti kachigawo kaja kali moyo. Tsimikizani matanthauzowa m'buku la mtundu wa kompyuta yanu, poti akale ankawerenga mosiyana.

Tsopano pezani kompyuta ina ndi flash yaing'ono, ya 8 GB kapena 16 GB, muifomate kukhala FAT32. Pa tsamba la Dell lembani Service Tag, zilembo ndi manambala 7 zimene zili pa kapepala komatidwa pabokosi, kuti mutenge BIOS ya makina anu enieniwo, osati ya ofanana nawo. Ngati pali fayilo yothera ndi .rcv tengani imeneyo, ngati palibe tengani ya .exe. Isintheni dzina ikhale BIOS_IMG.rcv, muiike pa flash poyera, osati m'foda. Ambiri amagwa apa. Windows imabisa mathero a maina a mafayilo, ndiye munthu amaona ngati walemba bwino pamene dzina lenileni lakhala BIOS_IMG.rcv.exe, makina n'kuidutsa osaiona. Yambani mwatsegula "File name extensions" mu File Explorer.

Musanapitirire, lumikizani kompyuta ku UPS (batire losungira magetsi a kompyuta) kapena inveta yodzaza bwino. Magetsi akathimanso kachiwiri mukhoza kutaya ngakhale kachigawo kamene katsala.

Lowetsani flash kumbuyo kwa bokosi, muyatse, nthawi yomweyo mugwire Ctrl ndi Esc pamodzi osasiya mpaka tsamba la BIOS Recovery litaoneka. Sankhani Recover BIOS, kenako manja kumbuyo. Kompyuta izima n'kudziyatsa yokha, mwina kangapo, mafani alira kwambiri, sikirini ithima n'kubwerera. Musaithandize. Tsambalo likapanda kubwera yesani bowo lina la USB, flash ina, ndi kiyibodi ina ya waya, chifukwa zopanda waya nthawi zambiri zimachedwa kudziwika.

Amene muli ndi HP, gwirani batani la Windows ndi B, mudine loyatsira masekondi awiri kapena atatu. Pa ma motherboard a ASUS, Gigabyte ndi MSI okhala ndi kabatani ka BIOS kumbuyo, flash imalowa pabowo lake lolembedwa, ndipo dzina la fayilo ndi lina: GIGABYTE.bin, MSI.ROM, pamene ASUS imapereka kapulogalamu ka BIOSRenamer.

Zonsezi zikakanika, chatsala n'kulemba kachipuko mwachindunji ndi kachipangizo konga CH341A ndi kopanira miyendo 8. Ife tikuti ntchito imeneyi mupatse katswiri, koma mudziwe zomufunsa. Awerenge dzina la pakachipu asanakapane: W25Q128JV imafuna 3.3V, pamene W25Q128FW imafuna 1.8V ndipo popanda adaputa ikhoza kupsa. Ma CH341A ambiri akuda amatulutsanso 5V pa miyendo yodutsa uthenga ngati sanakonzedwe. Waya wofiira wa kopanira ugwere pa mwendo woyamba, pamene pali kadontho. Chachikulu n'chakuti asanafufute kanthu awerenge zimene zili m'kachipumo kawiri, afananize ngati mafayilo awiriwo ndi amodzi, akupatseni kope. Ngakhale BIOS ili yoonongeka, m'menemo mumakhala nambala ya makina anu, adiresi ya MAC (yozindikiritsa makina pa netiweki) ndi kiyi ya Windows. Fayilo ya pa tsamba la Dell siilembedwa m'kachipu mmene ilili, chifukwa si chithunzi chathunthu cha kachipuko.

Ikadzuka, pali misampha iwiri. Ngati disiki inatsekedwa ndi BitLocker, loko wa Windows wobisa mafayilo, mudzafunsidwa kiyi ya manambala 48. Ifufuzeni lero pa akaunti yanu ya Microsoft kapena kwa amene amayang'anira makompyuta kuntchito kwanu, chifukwa popanda iyo ngakhale kuzula disiki n'kuiika m'kompyuta ina sikungatsegule mapulaniwo. Wachiwiri ndi sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Dinani F2 poyatsa, mupite pa SATA Operation, pamene amasankhira njira yolumikizirana ndi disiki. Ngati pali RAID On sinthani kukhala AHCI, ngati pali AHCI sinthani kukhala RAID On, musunge n'kuyatsanso. Windows imangodzuka ndi njira imene inaikidwira.