Nyimbo zagitala zofatsa koma zamdima: yambirani apa

Achimwene, mwati mukufuna nyimbo za gitala yosalumikiza kumagetsi, zoyenda pang'onopang'ono, zokhala ndi kulira kwina kolemera pansi pake, zija amati psychedelic folk ndi dark ambient, komanso zosachokera kumakampani akuluakulu. Ine ndikuti musathamangire kunja kaye. Yambani ndi Amanaz.

Anyamata a bandiyi anali a ku Kitwe kuno ku Zambia, ndipo chimbale chawo chotchedwa Africa chinatuluka mu 1975, nthawi ya Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia. Ambiri akamva Zamrock amangoganiza za WITCH ndi Ngozi Family, magitala okalipa aja, koma Amanaz ali ndi nyimbo zingapo zodekha kwambiri, zachisoni. Chimbalechi chinasakanizidwa kawiri, china chouma, china chodzaza reverb (mawu omveka ngati ali m'phanga), ndipo a Now-Again Records a ku America pochitulutsanso anaika zonse ziwiri. Inu funani cha reverb. Woyimba amamveka ngati ali m'nyumba yosamukamo anthu, ndipo ndi pomwepo pamene khutu lanu lizolowerere zomwe mukusakazo.

Mukachoka apo, pitani kwa Grouper. Ndi mayi mmodzi yekha, Liz Harris wa ku America, ndipo chimbale choti muyambe nacho ndi Dragging a Dead Deer Up a Hill cha 2008. Kwambiri ndi gitala ndi mawu, koma mawuwo anawamiza dala mpaka simungatolepo zambiri. Musalimbane nazo zoti akunena chiyani, si cholinga chake. Kenako Natural Snow Buildings, anthu awiri a ku France omwe ankajambula okha kunyumba. Awa ndiye mdima weniweni, nyimbo zina zimapitirira mphindi 20, liwu limodzi likungong'ung'udza osasiya, tizingwe ndi ting'oma tikulowa ndi kutuluka. Zimadya bandulo, choncho kokerani usiku kapena pa WiFi. Ena akuuzani za bandi ya ku England ya Comus ndi alubamu yawo First Utterance ya 1971. Ndi yabwino, koma ndi yolusa, siyogonera.

Chomwe ndikufunitsitsa musadumphe ndi ichi. M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey, wofufuza nyimbo za mu Africa, anayenda kuno kukadali Northern Rhodesia kujambula oyimba a kalimba, ndipo zojambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. Zina zinatulutsidwanso ndi kampani ya SWP Records. Mvetserani bwino kalimba wa kwathu kuno, ngati wa Ansenga a ku Petauke: pakabowo kake ankamatapo kansalu koyera kamene kangaude amakutira mazira, kuti chitsulo chikalira pazimveka kunjenjemera kwa zzz. Munthu mmodzi, akudziyimbira yekha madandaulo ake motsitsa, nyimbo ikungozungulira pamodzimodzi. Zimene anzathu akunja amazipanga ndi makina, agogo athu ankazitulutsa ndi kangaude, ndipo zimandiwawa kuti achinyamata ambiri muno mu Chipata sanazimvepo.

Musamvere pasipika ya foni, chifukwa imadula mawu onse apansi, mungotsala ndi kagitala kowonda n'kumati palibe chilipo. Valani zam'makutu, makamaka magetsi akazima, filiji ndi mawailesi a aneba zitakhala chete. Oyimba ambiri odziyimira paokha ali pa webusaiti ya Bandcamp, kumene mungamve musanagule. Chikakugwirani mtima ndipo muli ndi khadi ya kubanki, gulani, poti ndalama zambiri zimapita kwa woyimbayo.